Nyanja Yamchere Si Damu la Mulungushi

Kabwe ili kutali ndi nyanja yamchere, koma njira yake ndi yosasokoneza. Munthu wa ku Chowa akakwera basi mpaka ku Kapiri Mposhi, mtunda wa makilomita pafupifupi 60, amapeza njanji ya TAZARA yomwe idamangidwa pakati pa 1970 ndi 1975, ndipo njanjiyo imamutula ku Dar es Salaam atayenda makilomita 1,860. Kale okwera sitimayi ambiri adali amalonda okagula zitenje ndi nsapato. Masiku ano kulinso mabanja omwe amasonkha m'chilimba chaka chathunthu kuti akaone Zanzibar ndi maso awo, akadye za m'nyanja, akajambulitse pamchenga woyera. Ndi chinthu chabwino, ndipo ndimakondwa kuona anthu athu akupita kukapuma kumene kale tinkati nkwa azungu okha. Nchifukwa chake ndikufuna mumve zomwe zidagwera alamu anga.

Alamu anga ndi munthu wabwino, wogwira ntchito molimbika, wosamwa ndalama za pakhomo. Amadziwanso kusambira, poti ubwana wawo onse ankapita ku Mulungushi. Chilema chawo nchimodzi: safuna kuoneka ngati sadziwa kanthu, makamaka pamaso pa alendo. Adanyamuka ndi achemwali anga ndi mwana wawo wamkazi wa ku sekondale, ndalama zitawerengedwa bwino, ya ulendo payokha, ya malo ogona payokha, ya chakudya payokha.

Masiku oyamba zonse zidayenda. Adaoloka pa sitima yapamadzi kuchokera ku Dar es Salaam, ulendo wa maola awiri, nafika ku Stone Town. Mayi wa panyumba yomwe adagonapo adawauza mmene angadyere ku Forodhani, bwalo la m'mbali mwa nyanja lomwe dzuwa likangolowa limasanduka msika wa zakudya. Adati afunse mtengo asanaloze chala, ndipo asankhe chomwe chikuphikidwa iwo akuona. Achemwali adamvera. Adadya urojo, msuzi wowawasa wa mbatata ndi zokazinga, adadya chitumbuwa chija cha dzira ndi nyama chomwe amachitcha pizza ya ku Zanzibar, namwa madzi a nzimbe ofinyidwa pomwepo. Alamu adadya nawo, koma mtima sudakhutire. "Amayi," adatero pobwerera, "ulendo wonsewu tabwera kudzadya mbatata? Taonani anzathu aja mbale zawo."

Kenako adapita kugombe la kum'mawa kwa chilumbacho, dera la Paje ndi Jambiani. Apa mpamene munthu wa kumtunda ayenera kutsegula makutu. Madzi omwe ife tidazolowera amadzaza ndi mvula naphwa ndi chilimwe, moti ukasiya nsapato m'mbali mwa damu m'mawa, madzulo uzipeza pomwepo. Nyanja yamchere imaphwa ndi kudzaza kawiri patsiku, ndipo nthawi yake imasuntha tsiku ndi tsiku chifukwa imatsata mwezi. Mwezi ukakhala wathunthu kapena ukangooneka kumene, madzi amaphwa kwambiri nabweranso ndi mphamvu. Kugombe limenelo pansi mpopanda phompho, choncho madzi akaphwa amathawira kutali, mwina kupitirira kilomita, nasiya mchenga ndi matanthwe poyera. Amayi a kumeneko amalowa kukasamalira minda yawo ya ndere za m'nyanja, ndipo nthawi yotuluka amaidziwa popanda wotchi.

M'mawa umenewo alamu adaona madzi atathawa, natenga mwana kuti akafike pomwe mafunde ankaswekera. Mnyamata wa pamalo ogona adawathamangira kuwauza kuti avale nsapato ndipo asachedwe. Iwo adangokweza dzanja, nati amadziwa kusambira. Adayenda, akujambula, akutola zigoba. Amayi a ndere aja atayamba kusenza mitolo yawo kulowera kumtunda, mwanayo adati, "Adadi, anthu akubwerera." Iwo adati atsala pang'ono kufika.

Chomwe sankadziwa nchakuti madzi pobwera sayamba ndi pomwe waima. Amayamba kudzaza makwawa ndi malo otsika, ndipo ena mwa malowo ali kumbuyo kwako, pakati pa iwe ndi gombe. Potembenuka adapeza pomwe adadutsa pouma pali madzi a m'chiuno, akukoka cham'mbali. Kusambira kwa ku Mulungushi kukadawapulumutsa iwo okha mwina, koma mwanayo sankadziwa kusambira. Pomunyamula kuti aoloke, alamu adaponda tizilombo takuda tomwe timabisala m'matanthwe, ta minga yaitali ngati ya nungu, ndipo mingayo idathyokera m'phazi. Adawapulumutsa ndi msodzi wina yemwe ankabwera ndi ngalawa yake pamodzi ndi madziwo. Achemwali adaonerera zonsezi ali pagombe, mawu atawathera.

Munthu wina akadagona tsiku limenelo nathokoza Mulungu. Koma manyazi ndi oipa, amafuna kubwezera. Madzulo ake, akutsimphina, alamu adakumana ndi mnyamata wina wa pagombe, wa mawu okoma, wodziwa ngakhale dzina la Kaunda ndi la Chipolopolo. Adawalonjeza phwando la za m'nyanja pamchenga pomwepo, lotchipa kuposa la kuhotela. Achemwali adawakoka malaya. "Bambo, tafunsani kaye mtengo, ndiponso tione nsombazo zisanapse." Iwo adayankha motsitsa mawu kuti asawachititse manyazi, munthuyu ndi mbale wathu wa mu Africa, sangatibere.

Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Ife a kuno timaleredwa kuti mlendo safunsa zomwe zili m'mbale, ndipo wokuitanira chakudya sumufunsa mtengo. Mwambo umenewu ndi wokoma pakhomo pa munthu. Pamalo a malonda umakupweteka, chifukwa wogulitsayo sadakuitane ngati mlendo wake, wakuitana ngati kasitomala, ndipo iye sakuona cholakwa kutchula mtengo womwe akuganiza kuti ungakwanitse. Kumeneko kufunsa ndi kunenerera ndi khalidwe la tsiku ndi tsiku. Wosafunsa amaoneka ngati ali ndi ndalama zotaya.

Mbale zidabwera zodzaza: nkhanu zikuluzikulu, pweza wa miyendo 8 uja, nsomba zotungidwa pa timitengo. Zidafika msanga kwambiri, ndipo pamenepo mpomwe padali chenjezo. Chakudya cha m'nyanja chomwe chafika patebulo mphindi zochepa chimakhala kuti chidaphikidwa kale, chakhala padzuwa, ndipo angochitenthetsa pamakala. Ife tidazolowera kapenta wouma ndi nsomba zowamba zomwe zimakhala masabata osavuta, ndiye sitiganiza kuti nkhanu imaonongeka m'maola ochepa kukatentha. Palinso china chomwe ambiri sadziwa. Nsomba za mnofu wakuda monga tuna zikakhala potentha zitafa, m'mnofu mwake mumapangika poizoni wotchedwa histamine, ndipo ameneyu moto sumupha. Ungaiwotche mpaka kupserera, ukadya nkhope imafiira, thupi limachita zidzolo, mutu umawawa, ola lisanathe. Ndiponso munthu yemwe sadadyeko nkhanu za m'nyanja chibadwire sadziwa ngati thupi lake limazilola. Ena zimawatupitsa milomo ndi kukhosi mpaka kubanika. Woyamba kumene alawe pang'ono, adikire.

Achemwali ndi mwana adadya mpunga ndi nsomba imodzi yomwe adaumirira kuti iwotchedwe iwo akuona. Alamu adadya zonse, poti adali ataitanitsa. Mtengo utabwera udali wa chidutswa chilichonse pachokha, osati wa mbale, ndipo udatchulidwa m'madola. Ndalama ya chakudya cha masiku atatu idathera pamenepo. Adalipira osatsutsa, chifukwa pafupi padali alendo ena akuyang'ana.

Usiku kudayamba kusanza ndi kutsegula m'mimba. Achemwali, omwe ngati mayi aliyense wa ku Zambia kolera amamudziwa, adasungunula timasupuni 6 ta shuga ndi theka la kasupuni ka mchere mu lita imodzi ya madzi a m'botolo, nawamwetsa pang'onopang'ono mpaka kucha. Chimenechi ndicho chidawagwira mpaka adafika kuchipatala, komwe adawaika madzi a m'mitsempha nachotsanso minga ija, phazi litatupa kale. Kuchipatalako adalipira m'thumba. Dziwani kuti kuyambira Okutobala 2024 boma la Zanzibar limafuna kuti alendo ochokera kunja agule inshulansi yake polowa, ndiye muiwerengere pokonza ulendo, ndipo pepala lake muziyenda nalo.

Alamu anga adachita mwayi, chifukwa za m'nyanja zina sizipereka mpata wa chipatala. M'mwezi wa Malichi 2024, pa kachilumba ka Panza ku Pemba, m'dera lomwelo la Zanzibar, ana 8 ndi munthu wamkulu mmodzi adamwalira atadya nyama ya kamba wa m'nyanja, ndipo anthu 78 adagonekedwa m'chipatala. Mu Novembala 2021 nyama yomweyo idaphanso anthu 7 ku Pemba. Amenewa adali eni nyanja, obadwira pomwepo. Wina akakupatsani nyama yomwe simukuidziwa, nakuuzani kuti ndi yapadera, yosapezeka kuhotela, funsani dzina lake, ndipo ngati ndi kamba, ikaneni ngakhale akhumudwe.

Chomwe chimandiwawa kwambiri pa nkhaniyi si ndalama. Tsiku lomaliza adalikonzera kukaona tchalitchi cha Anglican ku Mkunazini, m'kati mwa Stone Town, chomwe chidamangidwa pamalo pomwe padali msika wa akapolo womwe udatsekedwa mu 1873. Ambiri mwa anthu ogulitsidwa pamenepo adachokera kuno kumtunda, m'madera ozungulira nyanja ya Malawi, ataolotsedwa pa madooko monga Nkhotakota nayendetsedwa pansi mpaka ku Kilwa. M'tchalitchimo muli mtanda wosemedwa kuchokera ku mtengo wa ku Chitambo, pomwe padakwiriridwa mtima wa David Livingstone chaka chomwecho cha 1873. Chitambo ili m'chigawo chathu chomwe chino cha Central. Mwana uja adaphunzira zimenezi m'kalasi, ndipo mwa zonse za ulendowo nzimene ankafunitsitsa kuona, kuti akauze aphunzitsi ake a mbiri yakale. Tsikulo adalithera pabenchi la chipatala atagwira chikwama cha bambo ake. Munthu wa ku Kabwe akafika ku Zanzibar osaponda pamalo amenewo, kwa ine waphonya chinthu chomwe chimamukhudza kuposa mchenga. Mukapita, yambani ndi kumeneko thupi likadali bwino, ndipo valani modzilemekeza, poti anthu ambiri a pachilumbachi ndi Asilamu ndipo zovala za pagombe sizilandiridwa m'tauni.

Chifukwa cha kuchedwa kuchipatala, sitima ya TAZARA, yomwe sinyamuka tsiku lililonse, idawasiya. Adabwereka ndalama kudzera pafoni kwa anzawo a m'chilimba, nakwera basi kudutsa Tunduma ndi Nakonde, Mpika ndi Serenje, alamu phazi lili m'mwamba pa katundu, m'mimba musanakhazikike. Ngongoleyo adaibweza ndi gawo lawo lotsatira la chilimba, lomwe adali atalikonzera malata a khitchini.