Phunziro: Mabelu a ku Milano pa Nthawi ya Mliri

M'chaka cha 1576 mliri woopsa unagwa mumzinda wa Milano, m'dziko la Italy. Bwanamkubwa wa mzindawo anathawa pamodzi ndi anthu olemera ambiri, koma Arkiepiskopi Carlo Borromeo anakana kusiya nkhosa zake.

Pamene akulu a boma analamula kuti anthu onse abindikire m'nyumba zawo, misika inazilala, ntchito zinaima, ndipo njala inalowa m'makomo. Tsono Ambuye Borromeo anamangitsa maguwa pa mphambano za misewu, kuti ansembe apereke nsembe ya Misa anthu ali kupenya pa mazenera. Kasanu ndi kawiri pa tsiku mabelu anali kulira, ndipo mabanja anali kuyankhana mapemphero khomo ndi khomo. Nsalu zokometsera nyumba yawo anazidula, nasoketsa zovala za amphawi.

Phunziro lake nali: kutalikirana chifukwa cha nthenda sindiko kutayana. Mkhristu asunge lamulo loteteza moyo, pakuti moyo ndi mphatso ya Mulungu. Koma asaleke kufunsa, ngakhale ataima patali, ngati mnansi wake wagona ndi njala.