MUNDA WA KU ANATOTI

Phunziro la mwezi uno: werengani Yeremiya 32.

Abale, tidziwa kuti m'midzi yambiri nkhokwe zayamba kupepuka, ndi m'nyumba zina muli nthenda ndi maliro. Ena ali kufunsa mumtima mwao ngati Mulungu watiiwala. Chifukwa chake tiyeni tione chimene anachita mneneri Yeremiya m'masiku oipa koposa athu.

1. Nthawi yake. Chinali chaka cha 10 cha Zedekiya, mfumu ya Yuda. Ankhondo a mfumu ya ku Babulo anali atazinga Yerusalemu, ndi Yeremiya mwini anali wotsekeredwa m'bwalo la alonda, popeza ananenera kuti mudziwo udzagwa.

2. Kugula kwake. Pamenepo anafika Hanameli, mwana wa mbale wa atate wake, nampempha agule munda wake wa ku Anatoti, m'dziko la Benjamini. Ndani wa ife akadataya chuma chake pa munda wa m'dziko limene adani alowamo kale? Koma Yeremiya anazindikira kuti mlandu uwu uchokera kwa Yehova. Anayesa masekeli a siliva 17, nalemba kalata pamaso pa mboni, nauza Baruki asunge makalatawo m'mbiya yadothi kuti akhalitse. Ichi chinali chizindikiro chakuti tsiku lina anthu adzagulanso nyumba ndi minda m'dzikomo.

3. Pemphero lake. Atagula, mneneriyo sanabise kuzizwa kwake. Anapemphera, nakumbutsa Mulungu za lupanga, njala ndi mliri zimene zinali pa mudzi. Tiphunzirapo kuti wopirira aloledwa kulira ndi kufunsa. Koma Yeremiya anayamba wamvera, nafunsa pambuyo pake.

4. Mapeto ake. Yerusalemu anatenthedwa ndithu, ndi Yeremiya anatengedwa kunka ku Aigupto. Andende anabwera kuchokera ku Babulo m'masiku a Koresi, mfumu ya Perisiya, patapita zaka ngati 50. Mau a Mulungu anakwaniridwa, koma anaona zimenezi ndi ana ndi adzukulu.

Ife alimi sitiyenera kuvutika pomva fanizo ili. Mkazi wanzeru asankha ngala zabwino za chimanga, nazipachika kudenga pa utsi kuti anankafumbwe asaziboole. Njala ikakula, monga inakula mu 1949 pamene mvula inadula m'dziko muno, ana alira nayang'ana kudengako, ndipo yesero lalikulu ndilo kudya mbeu. Wakudya mbeu akhuta masiku awiri, nasowa chobzala mvula itagwa. Wakuisunga aumitsa mtima lero chifukwa akhulupirira kuti dzinja lidzafikanso.

Momwemo chiyembekezo cha Mkristu chioneka m'ntchito za manja ake. Wamasiye amene atumizabe mwana wake kusukulu wagula munda wa ku Anatoti. Waugulanso mwamuna amene asosa munda wake ngakhale chaka chatha sanakolole, ndi mkazi amene apemphererabe mwamuna wake wotchona kumigodi, nasunga banja lake. Koma amene pa nthenda ya mwana athamangira kuula, nanenera mbale wake ufiti, wadya mbeu ya chikhulupiriro chake, naononga chibale chimene adzachifuna mawa.

Makolo athu anati, Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ife tili nacho chifukwa choposa chao chakudekhera, pakuti Ambuye wathu Yesu anagona m'manda, nauka tsiku lachitatu, ndipo sadzatisiya m'masautso athu.

Mafunso a pa msonkhano wa pakati pa sabata:
(a) Yeremiya anali kuti pamene anagula munda?
(b) Anasungiranji makalata m'mbiya?
(c) M'mudzi mwathu ndani ali pafupi kufooka, ndipo tidzamthandiza ndi chiani sabata ino?