Sukulu ya M'kati mwa Fakitale

Anyamata ndi atsikana ambiri akatsiriza sukulu kumudzi amapita ku Blantyre kukafuna ntchito. Ena amafikira kwa achibale ku Ndirande, ndipo m'mamawa amalawirira ku Makata kumene kuli mafakitale. Kumeneko kuli fakitale yoomba nsalu imene inayamba ndi dzina la David Whitehead m'zaka za m'ma 1960, ndipo lero imadziwika ndi dzina la Mapeto. Kulinso fakitale yofulula mowa imene kampani ya Carlsberg ya ku Denmark inatsegula mu 1968, ndipo kampani ya Castel inaigula mu 2016.

Phunziro la mwezi uno likulongosola njira yatsopano imene makampani akuluakulu m'maiko ambiri amaphunzitsira antchito awo, kuti makolo ndi aphunzitsi adziwiretu zimene ana angakumane nazo akalembedwa ntchito.

1. Kulembedwa ntchito si kutha kwa maphunziro

Munthu akalowa m'fakitale amapezamo makina othamanga, magetsi amphamvu ndi mankhwala oopsa. Wosadziwa kagwiridwe kake angathe kuduka chala kapena kutaya moyo kumene. Chifukwa chake lamulo la mu 1997 loteteza moyo ndi thanzi la anthu pantchito linapatsa olemba ntchito udindo wolangiza ndi kuphunzitsa antchito awo. Mu 1999 Boma linakhazikitsanso bungwe la TEVETA loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja, ndipo olemba ntchito amapereka msonkho wa K1 pa K100 iliyonse ya malipiro a antchito kuti uthandize maphunziro otere.

Kuyambira kale wophunzitsa wamkulu pafakitale ndiye kapitawo. Iye amaimirira pambali pa mnyamata watsopano, namsonyeza pogwira ndi posagwira. Njira imeneyi ndi yabwino ndithu, koma ili ndi pofooka pake. Kapitawo wina amanena zonse, wina amaiwalako zina. Antchito ausiku samva zimene amva amasana. Ndipo ngozi ikachitika, palibe cholembedwa chosonyeza ngati wovulalayo anaphunzitsidwa kapena ayi.

2. Njira yatsopanoyi ndi yotani?

Tsopano kuli mapulogalamu a kompyuta okonzedwera kuyendetsa maphunziro. Pa Chingerezi pulogalamu yotere imatchedwa Learning Management System, ndipo ambiri amangofupikitsa kuti LMS. Aphunzitsi angaimvetse msanga, pakuti imagwira ntchito zitatu zimene zimapezeka pasukulu iliyonse.

Choyamba, ili ngati kabati ya mabuku. M'menemo kampani imasunga maphunziro olembedwa, zithunzi ndi makanema aafupi. Wantchito aliyense amapatsidwa dzina lolowera ndi nambala yake yachinsinsi, ndipo amawerenga pa kompyuta ya kuntchito kapena pafoni yamakono.

Chachiwiri, imayesa mayeso. Phunziro likatha pamabwera mafunso, ndipo makina amachonga nthawi yomweyo. Wolephera amauzidwa kuti abwereze.

Chachitatu, ili ngati kaundula wa mphunzitsi. Imalemba dzina la amene wawerenga, tsiku lake ndi malikisi ake. Bwana akatsegula amaona amene atsiriza ndi amene atsalira. Imakumbutsanso wantchito nthawi yobwereza phunziro ikakwana, monga la kuzimitsa moto.

Imodzi mwa mapulogalamu odziwika kwambiri ndi Moodle, imene Martin Dougiamas wa ku Australia anatulutsa mu 2002. Pulogalamuyi siigulidwa, koma kampani imalipira anthu oikonza ndi oisamalira. Mu 2020, pamene matenda a Covid-19 analetsa anthu kusonkhana, masukulu ndi makampani ambiri padziko lonse anadalira mapulogalamu otere.

3. Kuphunzira uli kutali si kwachilendo

Akuluakulu ena akukumbukira sukulu ya makalata imene Boma linatsegula mu 1965, Malawi Correspondence College, imene pambuyo pake inatchedwa Malawi College of Distance Education. Wophunzira ankalandira maphunziro pa positi, nayankha mafunso, natumiza mayankho ku Blantyre, ndipo maphunziro ena ankamvera pa wailesi. Nzeru yake ndi yomweyo. Kusiyana kwake n'kwakuti kalata inkatenga masiku ambiri panjira, pamene lero yankho limabwera munthu asanadzuke pampando.

4. Ubwino wake

Antchito onse amalandira phunziro lofanana, kaya ali ku Makata, ku Limbe kapena kunthambi ya kampani ku Mzuzu. Kampani siwononga ndalama zoyendera ndi zogonera posonkhanitsa anthu malo amodzi. Wosamva msanga angathe kubwereza kawiri kapena katatu popanda kuchita manyazi pamaso pa anzake. Ndiponso wantchito wakhama amakhala ndi umboni wa zimene waphunzira, ndipo umboniwo ungamthandize pa nthawi yokweza anthu pantchito.

5. Zovuta zake

Njirayi imadalira magetsi ndi intaneti. Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti nyumba pafupifupi 11 zokha mwa 100 zinali kuunikira ndi magetsi a ESCOM. Mu January 2022 namondwe Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, ndipo magetsi anavuta kwa miyezi yambiri. Bandulo ya intaneti nayonso imadya ndalama. Tsono kampani yanzeru imapatsa antchito chipinda, makina ndi nthawi yophunzirira pa maola a ntchito, osati kuwasenzetsa katunduyo paokha.

Vuto lina ndi chinenero. Maphunziro ambiri otere amalembedwa m'Chingerezi, ndipo wantchito angathe kuloweza mayankho osamvetsa tanthauzo lake. Pa nkhani za ngozi, n'kofunika kuti phunziro likhalenso m'Chichewa.

Koma choopsa koposa ndi ichi: makina amadziwa kuti mafunso ayankhidwa, koma sadziwa ngati manja aphunzira. Mnyamata angathe kupempha mnzake kuti amuyankhire, kaundula nasonyeza kuti wakhoza. Mawa lake lamba wa makina akakola malaya ake, malikisi aja sadzamuwombola. Munthu saphunzira kukwera njinga pongowerenga buku. Chotero kapitawo akufunikabe, kuti aone ndi maso ake ngati wophunzirayo akuchita zimene wawerenga.

6. Zimene aphunzitsi ndi makolo angachite

M'mera mpoyamba. Kukhoza kapena kulephera kwa wantchito wa ku Makata kumayambira m'kalasi ya kumudzi. Sipafunika kompyuta kuti mwana akonzekere njira imeneyi. Chofunika ndi zinthu zinayi izi:

(a) Mwana azolowere kuwerenga malangizo payekha ndi kuchita zimene awerengazo. Mphunzitsi angalembe pabolodi kafesedwe ka nazale m'ndondomeko zisanu, ana nakachita kudimba la sukulu popanda kuwauzanso pakamwa.

(b) Mwana afotokoze m'mawu akeake zimene wawerenga m'Chingerezi, osati kungoloweza.

(c) Mwana aphunzire kuti kubera mayeso ndi kudzinamiza yekha.

(d) Mwana asaope kufunsa, pakuti safunsa anadya phula.

Makolo nawonso alangize ana awo opita kutauni kuti nambala yachinsinsi siperekedwa kwa munthu wina, ngakhale bwenzi lapamtima, chifukwa zonse zochitika pa dzina lawo zimalembedwa kuti achita ndi iwo. Asasayinenso kuti aphunzira chinthu chimene sanachimvetse.

Mafunso okambirana

1. Tchulani ntchito zitatu zimene pulogalamu ya LMS imagwira, ndipo muziyerekeze ndi za pasukulu.
2. Kodi sukulu ya makalata ya mu 1965 ikufanana bwanji ndi njira yatsopanoyi?
3. Chifukwa ninji kapitawo akufunikabe ngakhale makina afika?
4. Kodi sukulu yopanda magetsi ingakonzekeretse bwanji ana ake?