Phunziro la Sabata Ino: Msonkho wa pa Chiwongoladzanja

Makolo athu opuma pa ntchito, mukasunga ndalama za penshoni ku banki zimabereka chiwongoladzanja. Pa chiwongoladzanjacho banki imadula msonkho wa 20 peresenti n'kupereka ku MRA. Chikakhala K100,000, boma limatenga K20,000, inu n'kutsala ndi K80,000. Ndalama zimene munasungitsa sazidula msonkhowu ayi.

Choncho musathamangire kukatapa zonse poopa msonkho. Ndalama zobisa m'nyumba sizibereka, mitengo ya zinthu mu Blantyre muno ikukwerabe, ndipo akuba sagona. Pemphani sitetimenti ku banki, muone zimene adula.

Ana ndi adzukulu, perekezani makolo ku banki, muwawerengere mapepalawo. Kutero n'kusunga Lamulo lachinayi. Tikambirane nkhaniyi m'miphakati yathu.