Phunziro 17: Buye Akagona Sanafe

Tiyambe ndi kuwerenga mau awa mokweza, tonse pamodzi: bu-ye, chi-la-zi, chi-na-ka, phu-lu-sa, mche-nga.

Anzathu a m'koperativa, mbeu ya chimanga ikatithera timapita ku Ulónguè kukagula ina. Mbeu ya mbatata ya kachewere nayo imapezeka, kuno ku Angónia ndi ku Tsangano alimi ake ndi ambiri. Nanga buye? Ndani anaonapo mbeu ya buye m'sitolo? Palibe. Buye amachoka m'manja mwa mlimi kupita m'manja mwa mlimi mnzake. Mudzi wonse ukamudya kapena kumuoletsa chaka chimodzi chokha, ndiye kuti buye watha m'mudzimo.

Buye ndi mbeu ya kuno ku Afirika, sanabwere ndi Apwitikizi ngati chimanga ndi chinangwa. Ku Dedza ndi ku Ntcheu amalima, ku Zimbabwe amamutcha tsenza. Amakhwima pakapita miyezi 6 kapena 7 chidzalireni. Mvula ikatha, masamba ake amachita chikasu nayoyoka. Munthu wosadziwa amati wafa. Ayi, sanafe. Wagona.

Kugona kumeneku tikumvetse bwino, chifukwa phunziro lonse lili pamenepa. Buye, chilazi ndi kachewere zikakhwima zimakhala miyezi ingapo osaphuka, ngakhale tizikwirire m'dothi. Koma m'kati mwake muli moyo. Zimapuma mpweya pang'onopang'ono monga munthu wam'tulo, zimatulutsa kafundizi ndi chinyezi. Tikazitsekera mpweya zimaola. Tikaziika padzuwa zimafota. Njere ya chimanga imafuna kuuma gwa, koma buye akauma gwa ndiye wafadi.

Ife tinaphunzira zimenezi ndi misozi. Chaka china tinakumba buye yense wa m'munda wa koperativa tsiku limodzi, tinamutsuka kumtsinje kuti aoneke bwino, n'kumuthira m'matumba a feteleza aja a pulasitiki m'kati. Tinamanga kukamwa. Titamasula patapita milungu itatu, munali fungo ndi madzi okhaokha. Anatipulumutsa ndi agogo ena amene sanalowe nawo m'koperativa, amene tinkawanena kuti ndi otsalira. Iwo anali atasiya mizere iwiri osakumba. Tinapita kukapempha, manyazi ali tho.

Choncho njira yoyamba ndi ya agogo aja: nkhokwe yabwino ya buye ndi munda womwewo. Tisankhe mizere imene mbeu zake zinakula bwino, zopanda matenda. Tiike zikhomo kuti aliyense adziwe kuti apa ndi pa mbeu. Tikwezere dothi kuti ming'alu itsekeke, tiphimbe ndi udzu wouma, ndipo tilambule kuzungulira kuti moto wa osaka mbewa usafike. Njira imeneyi imafuna malo otsetsereka, osadikha madzi. Ngati m'mundamo mwalowa mfuko, nguluwe kapena ziweto, tisadalire njira imeneyi, tikumbe.

Pokumba, khasu liyambire patali. Buye amabereka ngati zala za dzanja, ndipo sachedwa kuthyoka. Wotemeka ndi khasu, woboola tizilombo, wofewa, ameneyo apite kumphika lero lomwe. Wa mbeu akhale wathunthu. Tisamutsuke! Dothi tingolisasa ndi manja. Kenaka timuyale pamthunzi masiku ochepa kuti khungu likhwime ndi timabala tiume.

Tsopano dzenje. Tikumbe pamalo okwera, pamthunzi, pamene madzi a denga sagwera, lakuya kufika m'bondo. Pansi tithire mchenga wa kumtsinje wouma bwino. Mchenga umene wakhala padzuwa tiudikire uzizire, wotentha umapsereza mbeu. Tiyale buye mosagundana, tiwaze phulusa pang'ono, tithire mchenga mpaka asaoneke. Tiyalenso wina, phulusa, mchenga, chimodzimodzi mpaka dzenje litatsala pang'ono kudzaza. Pamwamba timange kadenga ka udzu. Amene mbeu yake ndi yochepa achite zomwezi mumtsuko wakale, m'beseni kapena m'dengu, aike m'nyumba kutali ndi moto. Asavundikire ndi chinthu chosalowa mpweya.

Mwezi uliwonse tifukule tione. Woola mmodzi amaoletsa anzake, tichotse iye ndi mchenga womuzungulira. Ntchito imeneyi ikhale ndi mwini wake wosankhidwa pamsonkhano. Tikati ndi ya tonse, palibe amene amapita. Ndipo pano paja tikudziwa kulemba: wosankhidwayo alembe m'kope tsiku limene tinakwirira, madengu angati, ndi angati amene anataya.

Chilazi chili ndi khalidwe lake. Chimagona miyezi 2 mpaka 4, koma chimaopa kuzizira. Kuzizira kukatsika pansi pa madigiri 12, mnofu wake umayamba kuonongeka m'kati, kunja kukuoneka bwinobwino. Tonse tikudziwa mmene Juni ndi Julayi amachitira kuno kumapiri. Choncho chilazi tisachisiye panja usiku. Tichiike m'nyumba pathandala, pamwamba posafika mbewa, pamene mpweya ukupita. Bala la khasu tipake phulusa. Chilazi chakudya chikayamba kuphuka tizithyola mphukirazo, chifukwa zimayamwa chakudya cha m'kati. Cha mbeu, nthawi yodzala ikayandikira, tingachidule zidutswa, chilichonse chokhala ndi khungu lake, tipake phulusa, tiumitse pamthunzi tsiku limodzi kapena awiri.

Kachewere wa mbeu yekha ndiye amafuna kuwala. Timuyale pathandala pamene kuwala kukulowa koma dzuwa silikumuomba. Adzachita msipu ndipo mphukira zake zidzakhala zazifupi, zonenepa. Zamumdima zimakhala zazitali, zoyera, zothothoka podzala. Kachewere wobiriwirayo ndi wodzala, si wakudya, ali ndi ululu.

Wina afunsa: nanga chinaka? Chinaka sitisunga m'dzenje, ndipo kuchidzala kumunda n'kovuta. Chimakhala modalira tinthu tamoyo tam'dothi la kudambo ndi kumapiri komwe chimamera. Tikachikumba timapeza timbatata tiwiri: kakale kofota, ndi katsopano kolimba. Katsopanoko ndiko kamagona chilimwe chonse kuti kadzaphuke ndi mvula, ndipo ndi komweko kamene timadya. Tikakatenga, chomeracho chatha. Ogula chikanda ku Zambia achuluka, ndipo m'malo ambiri chinaka chayamba kusowa. Tigwirizane ndi amfumu: tisakumbe maluwa asanaume ndi kumwaza njere, tisakumbe dambo lonse, mbali ina izipuma.

Kukayamba kutentha, cha mu Sepitembala ndi Okutobala, buye amadzuka. Maso ake amatupa, timphukira timatuluka. Nthawi imeneyi ndi yoopsa kuposa zonse, pakuti ndiwo zasowa, ana akudziwa pamene pali dzenje, ndipo wamsika akubwera ndi ndalama m'manja. Lamulo likhale lomveka: dzenje la mbeu silitsegulidwa popanda anthu awiri a komiti. Mizere ikhale yokonzeka msanga. Potulutsa tinyamule m'lichero, osati m'thumba, kuti mphukira zisathyoke. Ndipo pogawa mbeu, dengu limodzi lipite kwa anzathu a mudzi wina, kuti kwathu kukadzaola tidzakhale ndi kopempha.

Ntchito ya mlungu uno: aliyense afunse akuluakulu a kwawo mmene ankasungira buye ndi chilazi. Alembe ziganizo zitatu m'kope. Alembenso maina a mabanja amene akadali ndi mbeu ya buye m'mudzi mwake. Lachisanu tidzawerenge pamaso pa gulu.