Tsitsi limodzi ndi katochi ka laser: dzionereni nokha khalidwe la kuwala

Pezani katochi ka laser kofiira, tsitsi limodzi lowongoka, katoni, selotepi ndi rula. Chenjezo lofunika: musaloze laser m'maso mwa munthu, ngakhale mongoseweretsa.

Boolani kabowo pakatoni ndipo mumate tsitsilo litakungika bwino pakati pa bowolo, choimirira. Imikani katoniyo pamtunda wa mamita 2 kuchokera pakhoma loyera, muzimitse magetsi. Laser muigoneke pamabuku ndi kuimata, chifukwa dzanja limanjenjemera. Sunthani pang'onopang'ono mpaka kuwala kutagunda tsitsi.

Mungayembekezere mthunzi wa tsitsi pakhomapo. Simuuona. M'malo mwake patuluka mzere wopingasa wa timadontho tofiira, tolekanitsidwa ndi timipata takuda. Kuwala kwadutsa mbali zonse ziwiri za tsitsi ngati mafunde a panyanja akazungulira mwala, kenako kwakumananso. Pamene nsonga ya funde yakumana ndi nsonga inzake pawala kwambiri. Pamene nsonga yagwera m'chigwa cha funde lina, awiriwo afafanizana, pada bii. Thomas Young anafotokozera bungwe la Royal Society ku London zoterezi mu 1803, atagawa kuwala kwa dzuwa ndi kakhadi kopyapyala.

Tsopano yezani. Tengani mtunda wa pakati pa timipata takuda tiwiri toyandikana, mbali imodzi ya mzerewo. Dontho lapakati lisiyeni, ndi lalikulu kuposa anzake. Utali wa funde la laser yofiira ndi pafupifupi mamilimita 0.00065. Chulukitsani nambalayi ndi mamilimita 2,000, mupeza 1.3. Gawani ndi zomwe mwayeza. Ngati ndi mamilimita 16, tsitsi lanu ndi lonenepa mamilimita 0.08.

Mbali yachiwiri ndi yosavuta. Tengani kasitika kowala mumdima, mukasunge m'kabati kwa maola angapo. Kaunikeni ndi laser yofiira kwa nthawi ndithu: sikawala. Kaunikeni ndi tochi ya foni, yomwe kuwala kwake koyera kuli ndi buluu mkati: pompo kayamba kunyezimira. Albert Einstein anapereka mfundo yake mu 1905, kuti kuwala kumapereka mphamvu m'timagawo, tomwe lero timatcha ma photon, ndipo mphamvu ya kagawo kamodzi imadalira mtundu wa kuwalako. Photon yofiira ndi yoperewera mphamvu, ndipo kuchuluka kwake sikuthandiza chifukwa iliyonse imagunda payokha.

Musafulumire kuganiza kuti mafunde aja amabwera chifukwa ma photon amawombana paulendo. Mu 1909 G. I. Taylor anajambula mthunzi wa singano ndi kuwala kofooka kwambiri, moti chithunzi chimodzi chinatenga miyezi pafupifupi itatu, koma mizere inatuluka chimodzimodzi. Zipangizo zamakono zimatumiza photon imodzi imodzi: iliyonse imafika pamalo amodzi ngati kadontho, ndipo madonthowo akachuluka amapanga mizere yomweyo.