Usiku umene pampu inakhala chete

Mnyamata wina wa kufupi ndi Nathenje anamanga thanki ya simenti kuseri kwa nyumba n'kuikamo ana a makumba, kuti akakulako azigulitsa kwa alimi a maiwe. Nzeruyi anakaionera ku Bunda, cha ku Mitundu, kumene LUANAR imaphunzitsa ulimi wa nsomba. Kapampu kamagetsi kankakoka madzi m'thanki, kuwadutsitsa mu dilamu ya miyala ndi mchenga, n'kuwabweza akugwa kuchokera m'mwamba kuti khwaa.

Masana palibe ankadandaula. Koma pampuyo inali pa thabwa logunda khoma la chipinda cha mayi ake, ndipo kukada khoma lonse linkachita kunjenjemera.

"Iwe, chimakina chakochi chikutisowetsa tulo," anatero mayiwo.

"Pepani amayi, lero lomwe ndikonza."

Mnyamatayo anaifunditsa pampuyo bulangete lakale. Anatsekako kampopi ka paipi yokoka madzi. Paipi yobwezera anaimiza pansi pa madzi kuti khwaa uja atheretu. Usikuwo banja lonse linagona tulo tabwino.

Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Madzi akamatentha sasunga mpweya wambiri: pa madigiri 20, lita imodzi imasunga okosijeni pafupifupi mamiligalamu 9, koma pa madigiri 30 amatsikira cha pa 7.5. Mbandakucha ndiye poipitsitsa, chifukwa ndere zimene masana zimatulutsa mpweya, usiku nazo zimaupuma. Khwaa amene anamuzimitsayo ndiye ankalowetsa mpweya m'thanki. Pampu nayo, poipana kokokera madzi, inayamba kulira ngati ikutafuna timiyala, koma bulangete linabisa kulirako. Mota inatentha mpaka kuima.

Tambala akulira, mnyamatayo anapeza tinsomba tili kukamwa yasa pamwamba pa madzi, tambiri titagadama kale.

Chimene chimandiwawa n'chakuti mayiwo sanalakwe kudandaula, ndipo phokosolo likanatha popanda nsomba kufa. Kunjenjemera kwa khoma kumatha mukaichotsa pampu pa thabwa n'kuikhazika pansi, pa chidutswa cha tayala lakale, kutali ndi khoma. Pakati pa pampu ndi paipi yolimba muikepo kapaipi kofewa ka labala, kuti kugwedezeka kusamayende m'mapaipi. Kulira kwa timiyala kuja kumatanthauza kuti pampu ikuperewera madzi kapena ikumeza mpweya, choncho onani ngati sefa yatsekeka ndi zinyalala, ngati paipi yokoka ili pansi pa madzi ndithu, ndiponso ngati polumikiza penapake sipanasweke. Kamchenga kakalowa pa kafani ka m'kati, masulani mutsuke. Ngati madzi akuthamanga kwambiri, chepetsani ku paipi yotulutsa, osati yokoka.

Madzi obwerera aja asamizidwe. Atsetserekere pa lata lopendekeka kapena pa miyala asanafike m'thanki. Akatero amalira pang'ono, koma mpweya amautengabe.